Kukwera Mulanje kudzera pa Likhubula: ndalama ya wotsogolera, mapota ndi nyumba za paphiri imagula chiyani?

Wokwera phiri la Mulanje kudzera pa Likhubula amalipira zinthu zitatu: chilolezo cholowera m'nkhalango, malo ogona m'nyumba za pamwamba pa phiri, ndi anthu omuperekeza, omwe ndi wotsogolera njira ndi mapota onyamula katundu. Pa zitatuzi, ndalama imene imagwira ntchito yooneka ndi ya wotsogolerayo. Chodabwitsa n'chakuti ndi yomweyonso imene alendo ambiri amanenerera mpaka thovu kukamwa, pomwe ya mafuta a galimoto amatulutsa osawiringula.

Likhubula ndi mudzi wa m'tsinde mwa phiri, mbali ya kumadzulo, pafupifupi makilomita 10 kuchokera pa Chitakale mukatsata msewu wa ku Phalombe. Ochokera ku Blantyre angadzere msewu wa Midima, womwe ndi wachidule, kapena wa ku Thyolo ngati akufuna kudyetsa maso m'minda ya tiyi. Kuchoka pamsewu waukulu kukafika ku ofesi ya zankhalango pali kamtunda kokwera, ndiye ngati mwabwera pa kabaza muuzeni akakutuleni pageti penipeni.

Alendo asanachuluke, ntchito ya pa Likhubula inali ya matabwa. Boma la atsamunda linateteza nkhalango ya phirili mu 1927, ndipo chuma chake chachikulu chinali mkungudza, mtengo umene unadzalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. A zankhalango anadzala paini m'chigwa cha Chambe n'kumanga chingwe chotsitsira matabwa mpaka kumunsi, ndipo njira ya Skyline imene alendo amakwera lero imatsata kumene kunkadutsa chingwecho. Nyumba zogonamo ndi za dipatimenti ya zankhalango, koma bungwe la Mountain Club of Malawi, lomwe linayamba mu 1952, lakhala likuthandiza kuzisamalira. Mu 2000 UNESCO inaika phirili pakati pa malo a chilengedwe ofunika kutetezedwa, ndipo mu 2025 linalowa m'kaundula wa World Heritage, wa malo a mtengo wapatali kwa dziko lonse lapansi. Chimene chinalilowetsamo si kutalika kwake ayi, koma chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amalilemekeza ngati malo a mizimu ya makolo.

Vuto loyamba limakupezani musanaone n'komwe geti. Munthu wa chikwama chachikulu akatsika pa Chitakale amachingamiridwa ndi anyamata odzitchula otsogolera. Ena ndi enieni, ena ayi, ndipo pamsewu palibe njira yowasiyanitsira. Musapangane kanthu pamenepo. Pitani ku ofesi, lembetsani dzina, njira imene mutsate, nyumba zimene mugone ndi tsiku lotsika, lipirani, landirani risiti. Otsogolera ndi mapota ovomerezeka amagwira ntchito mosinthana kuti aliyense apezeko kangachepe, choncho amene mwapatsidwa ndi amene nthawi yake yakwana. Ngati muli naye kale wodziwika amene anzanu anamuyamikira, nenani, koma naye akaonekere ku ofesiko. Kulembetsaku kuli ndi ntchito: tsiku lotsika likadutsa inu osaoneka, ofunafuna amayambira pa zimene munalembazo.

Mitengo imene mungaione m'zolemba zakale za pa intaneti musaidalire, makamaka zolembedwa kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Funsani mtengo wa tsiku limodzi wa wotsogolera, wa pota, ndi wa usiku umodzi m'nyumba, muwerengere limodzi masiku onse musananyamuke. Tsiku lotsika nalo ndi tsiku lathunthu, ngakhale mutafika kumunsi masana. Mikangano yambiri ya pomaliza imachokera pamenepa. Mwambo wake ndi kupereka theka poyamba kuti anthuwo agule ufa ndi ndiwo zawo, theka linalo pobwera. Tengani ndalama zapamanja zosinthasintha, chifukwa mlonda wa nyumba ya paphiri ya Chisepo simudzamulipira pa foni netiweki ikakana.

Pota mmodzi asasenzetsedwe katundu wopitirira makilogalamu 18, poti ali ndi wakenso. Anthu anayi oyenda masiku anayi amafunika mapota awiri, osachepera. Gulu lofuna kupulumutsa ndalama polemba mmodzi limathera kugawana katundu panjira, pamalo pamene aliyense watopa kale.

Kuchokera pa Likhubula kupita ku nyumba ya Chambe pali njira ziwiri. Skyline ndi yoimirira: mumakwera mamita pafupifupi 1,000 m'maola 3 kapena 4, mbali yaikulu padzuwa, ndipo madzi ndi osowa mpaka mutatulukira pamwamba. Chapaluka ndi yotalikirapo, imatsata mtsinje, ili ndi mthunzi ndipo imadutsa cha pa Dziwe la Nkhalamba. Ambiri amasankha Chapaluka pokwera poopa chitunda, n'kudzatsikira Skyline. Nzeru yabwino ndi kutembenuza. Kwerani Skyline m'mamawa miyendo ikadali ndi mphamvu, mudzatsikire Chapaluka, chifukwa kutsika poimirira ndi kumene kumapha mawondo ndi kudetsa zikhadabo za kumapazi. Mvula ikagwa usiku zinthu zimasintha, poti Chapaluka ili ndi malo owoloka madzi. Pamenepo mverani wotsogolera.

Nyumba za paphiri zilipo pafupifupi khumi, kuphatikizapo Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Minunu, Madzeka ndi Sombani. Aliyense woyembekeza loji adzakhumudwa. Mukalowa mumapeza chipinda cha matabwa, tebulo, mipando ingapo ndi malo osonkhapo moto m'khoma. Magetsi mulibe. Chimbudzi n'chokumba, chili panja potero, ndipo pepala mubwere nalo. Mlonda amatunga madzi kumtsinje, amawaza nkhuni, amasonkha moto, ndipo mukamupempha amakutenthetserani ndowa ya madzi osamba. Ntchito ya alondawa ndi imene imapangitsa nyumbazi kukhalika, ndipo amayenera kangachepe kapadera ponyamuka. Matiresi amapezeka koma ndi opyapyala ndipo gulu lina likakutsogolerani mutha kugona pathabwa. Makabati okhoma a ziwiya ndi mabulangeti ndi a mamembala a Mountain Club, ndiye amene si membala anyamule poto, mthiko, mbale, kapu, machesi, tochi ndi chikwama chogonamo. Chitenje ndi bulangeti limodzi la kunyumba sizikwana mu Juni ndi Julayi. Pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo m'miyezi imeneyi udzu wa pamwamba umatha kudzuka utayera ndi chisanu.

Utsi wa moto ndi dandaulo lina lenileni. Nkhuni zikakhala zonyowa kapena mphepo ikabwerera m'chumuni, chipinda chimadzaza utsi. Musatseke mazenera onse pogona moto ukuyaka.

Pamwamba palibe golosale, choncho chakudya chiwerengedwe bwino kumunsi. Anthu anayi ogona masiku atatu angatenge ufa makilogalamu 3, mpunga makilogalamu 2, mapaketi 6 a soya, usipa wouma, anyezi, mchere, theka la lita la mafuta, shuga kilogalamu imodzi ndi masamba a tiyi. Zodya poyenda zikhale mtedza wokazinga, mbatata yophika kapena chigumu. Buledi amafika ataphwanyika, tomato wakupsa amafika ali msuzi m'zovala. Nyemba zouma zisiyeni kunyumba. Pa Chisepo, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,200, madzi amawira pa madigiri 93 m'malo mwa 100, ndiye nyemba zimatha nkhuni za mlonda zisanapse. Mpunga nawo umachedwerapo, onjezerani madzi pang'ono ndipo musamavundukule pafupipafupi. Madzi a m'mitsinje ya pamwamba ndi ozizira ndi oyera, koma a pafupi ndi nyumba kapena kumunsi kumene anthu amasamba awiritseni.

Ofuna kufika pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 yomwe ndi yaitali kuposa zonse m'Malawi, apatule masiku anayi ngati aka n'koyamba: loyamba kukagona pa Chambe, lachiwiri pa Chisepo, lachitatu kukwera nsonga n'kubwerera, lachinayi kutsika. Olimba amatha m'masiku atatu polunjika pa Chisepo tsiku loyamba. Akukulonjezani masiku awiri, kuchoka Loweruka kubwera Lamulungu, akukugulitsani mavuto.

Apa ndi pamene ndalama ya wotsogolera imabwerera. Kuchoka pa Chisepo kukafika pansonga ndi maola 3 kapena 4, kutsika ndi pafupifupi omwewo. Poyamba pali mathanthwe otsetsereka amene mumakwera ndi manja ndi mapazi omwe. Kenaka mumalowa pakati pa miyala ikuluikulu yosanjikizana, ndipo pena mumavula chikwama, kuchikankhira kutsogolo, n'kukwawa pansi pa mwala. Njira inaikidwa zizindikiro za penti wofiira pamiyala, koma zina zinafufutika, ndipo nkhungu ikatsika chizindikiro chotsatira sichioneka ngakhale chili pafupi. Pali nsonga zingapo zonamiza zimene mumayesa kuti mwafika. Yeniyeni ili ndi kachipilala ka simenti. Wotsogolera wabwino amadziwa mwala woponda ndi wopewa, amayang'ana kum'mwera chakum'mawa kumene chiperoni chimachokera, ndipo amanena nthawi yobwerera asananyamuke. Nyamukani 5 koloko kapena 6 koloko m'mawa ndi malita 2 a madzi aliyense, chovala cha mvula ndi juzi m'chikwama ngakhale kumwamba kuli mbee. Ikakwana 11 koloko musanafike, bwererani.

Chiperoni chimabwera pakati pa Meyi ndi Ogasiti, nyengo yomweyo imene kumayera bwino, ndipo chimatha kukuta phiri m'kanthawi kochepa n'kukhala masiku awiri kapena atatu. Mvumbi wake sukhala waukulu, koma thanthwe likanyowa limaterera ngati therere, ndipo munthu wonyowa pamphepo ya pamwambapo amazizidwa mpaka kusokonezeka mutu. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anapita yekha ku Sapitwa ndipo sanapezeke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya wotsogolera wake n'kupitiriza yekha, ndipo thupi lake linapezeka patadutsa milungu yoposa iwiri. Wotsogolera akati lero sitikwera, si ulesi. Iye malipiro a tsikulo alandira ndithu, kaya mwakwera kaya ayi, ndiye palibe chimene akupindula pokuletsani.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitsinje imadzaza mwadzidzidzi, ndipo ulendo wa pansonga suyenera. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mbali zina za phiri, zipsera zake zikuonekabe, choncho mapu akale asakunamizeni kuti njira iliyonse ili momwe inalili. Seputembala ndi Okutobala miyala imakhala youma, koma kumatentha, moto wolusa umachuluka ndipo utsi umabisa zigwa.

Pali zofooka zimene ziyenera kunenedwa. Otsogolera sali ofanana. Njira onse amaidziwa, koma ena amathamanga n'kusiya wofooka kumbuyo, ndipo ena sayankhula kanthu pokhapokha mutafunsa. Nenani poyamba kuti gulu liyende pa liwiro la wochedwetsetsa, pota mmodzi akhale kumbuyo. Musaganize kuti wina wanyamula mankhwala: tengani bandeji, pulasitala wa matuza, mankhwala opha ululu ndi a m'mimba. Wovulala amatsitsidwa ndi anthu pamanja kapena pamachira, ndipo zimatenga maola ambiri. Zinyalala nazo zayamba kuoneka pafupi ndi nyumba zotchuka, makamaka mapepala a pulasitiki ndi mabotolo, ndiye jumbo yobwerera nazo ikhale m'gulu la katundu.

Funsani za mbiri, chifukwa ambiri amaidziwa koma amayesa kuti mlendo sazifuna. Adzakuuzani za nsembe zimene makolo ankathira pa Dziwe la Nkhalamba, za Napolo, za chakudya chimene amati munthu angachipeze panjira chokonzakonza, chomwe amadya yekha osaitana mnzake. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, akakuuzani kuti pano tisachite phokoso, chitani momwemo.

Pageti mudzaona timabokosi ndi ndodo za mkungudza, zonunkhira bwino. Musanatulutse ndalama dziwani kuti kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha ya mkungudza wa Mulanje itatsala paphiri lonse. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi midzi yozungulira akhala akudzala mbande zambirimbiri, koma mtengowu umakula pang'onopang'ono ndipo moto umodzi umatha kupsereza ntchito ya zaka zingapo. Wogulitsa adzati thabwalo ndi la mtengo wakufa kale. N'kutheka, koma inu mulibe pozindikirira. Ndodo yoyendera ya mtengo wina imagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo potsika mudzaifuna.

Amene alibe masiku anayi asadandaule. Dziwe la Nkhalamba lili pa ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchokera pageti, ndipo ana okulirapo amafika. Madzi ake ndi akuya ndi ozizira kwambiri, anthu anamirapo, ndiye wosadziwa kusambira akhale m'mphepete ndipo mowa usayandikire. Malo ogona kumunsi alipo, kuphatikizapo Likhubula House ya CCAP, ndipo kugona kumeneko usiku woyamba kumakupatsani mpata wonyamuka dzuwa lisanakwere. M'mwezi wa Julayi, sabata ya mpikisano wa Porters Race, umene othamanga amakwera Skyline, kudutsa pamwamba n'kutsikiranso pa Likhubula, zipinda zimadzaza msanga ndipo mapota ambiri amakhala ali pa mpikisanowo, choncho wofuna kukwera masiku amenewo akonzeretu malo ndi anthu omuperekeza.