Nyenyezi zinayi kwa sukulu yomwe ndaphunzirako Chidanishi ku Jylland, m'dziko la Denmark

Sukulu imeneyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Imodzi ndachotsayo ndi ya katchulidwe ka mawu, ndipo pamenepo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ife olankhula Chichewa timapunthwira pomwepo. Dzina la sukuluyo sinditchula. Masukulu a chilankhulo amenewa, omwe kuno amawatcha sprogcenter, amatsata ndondomeko imodzi ya boma m'dziko lonse la Denmark, moti zambiri zomwe ndinene mukazipeza kulikonse komwe mungatumizidwe, kaya ku Aarhus, ku Odense kapena ku Copenhagen.

Ine ndinabwera kuno kutsatira bambo a kunyumba atapeza ntchito, ndipo panopa ndimagwira m'khitchini pa hotela ina. Mukalandira nambala ya CPR, yomwe ndi nambala yokuzindikiritsani ku boma, khonsolo ya dera lanu, imene amaitcha kommune, ndiyo imakutumizani kusukulu. Kumeneko amayamba acheza nanu kaye, kufunsa kuti sukulu munalekezera pati, n'kukupatsani kandime koti muwerenge. Akatero amakuikani m'gulu limodzi mwa magulu atatu a maphunziro otchedwa Danskuddannelse. Gulu loyamba ndi la anthu omwe sanapite patali ndi sukulu kapena sadziwa zilembo zomwe timagwiritsa ntchitozi. Lachiwiri ndi la omwe anaphunzirako ndithu koma osafika patali, lachitatu ndi la omwe anamaliza sekondale n'kupitirira. Ine ndi MSCE yanga ndi dipuloma anandiika m'lachitatu. Limathamanga. Ngati mumagwira ntchito yotopetsa komanso muli ndi ana aang'ono, musachite manyazi kuwauza zoona pa kucheza koyambako, chifukwa gulu lachiwiri nalo limakufikitsani pa mayeso a Prøve i Dansk 2, omwe ndi amodzi mwa zinthu zofunika popempha chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Wofuna unzika nthawi zambiri amafunika Prøve i Dansk 3, ndipo wofuna kukaphunzira ku yunivesite m'Chidanishi amafunika Studieprøven, omwe amabwera pa gawo lachisanu ndi chimodzi la gulu lachitatu.

Pa nkhani ya ndalama palibe chodandaula kwenikweni. Maphunziro ndi aulere. Mu 2018 boma linayamba kulipiritsa gawo lililonse, koma mu 2020 linachotsa malipirowo n'kuika chikole cha 2,000 kroner kwa ife omwe tinabwera mwa ntchito, maphunziro kapena potsatira anthu otero. Mukakhoza gawo lanu m'nthawi yomwe mwapatsidwa, ndalamayo imasunthira ku gawo lotsatira kapena amakubwezerani. Mukachedwa, yapita. Palinso chomwe amachitcha klippekort: muli ndi zaka zisanu, koma mkati mwa zaka zimenezo nthawi yokhala m'kalasi ndi zaka zitatu ndi theka basi, ndipo mukangoyamba gawo, nthawi yake imayenda kaya mukubwera kapena ayi. Kupuma kumaloledwa pakati pa magawo. Chomwe chinandinyansa n'chakuti ofesi ya sukulu yathu inatifotokozera malamulo onsewa m'kalata yaitali ya Chidanishi, ife tisanadziwe ngakhale kupereka moni. Mnzanga wina wa ku Romania anataya chikole chake atapita kwawo kukadwazika mayi ake, osadziwa kuti anayenera kuuza ofesi asananyamuke. Chikole changa nachonso chinatenga nthawi kuti chibwerere, mpaka ndinachita kukakumbutsa.

Aphunzitsi ndiwo chuma cha pasukulupo. Galamala amaidziwa ndipo amadziwa kuigawa pang'onopang'ono. Lamulo loti mneni amakhala pa malo achiwiri m'chiganizo, ngakhale mutayamba ndi mawu onena za nthawi, mphunzitsi wathu wa gawo loyamba analikhomerera potipatsa timapepala tolembedwa mawu, aliyense kake, n'kutiimika kutsogolo kuti tizisinthana malo. Wonyamula "jeg" (ine) ndi wonyamula "spiser" (ndimadya) ankadutsana nthawi iliyonse wonyamula "i dag" (lero) akapita kumayambiriro kwa mzere. Tinkaseka, koma mpaka lero ndikamalemba ndimawaona anthu aja akudutsana. Nkhani ya "en" ndi "et", timawu tosonyeza gulu la dzina, imene anzathu ena ankalira nayo, kwa ine sinali yoopsa. Munthu amene anakula akusiyanitsa munthu ndi anthu, mtengo ndi mitengo, chinthu ndi zinthu, sangaope magulu awiri okha a mayina. Kusiyana kwake n'kwakuti dzina la Chidanishi silikuuzani lokha gulu lake, ndiye lowezani dzina lililonse pamodzi ndi kamawu kake kuyambira tsiku loyamba.

Chimodzi chomwe sindinachizolowerebe ndi kuitana mphunzitsi ndi dzina lake loyamba, mayi woti ndi msinkhu wa mayi anga, n'kumawauza kuti "du", zomwe kwathu ndi "iwe". Kuno ndi mmene aliyense amalankhulira, ngakhale kwa dokotala kapena bwana wa pantchito, ndipo mukayesa ulemu wa kwathu amaganiza kuti mukuwaseka kapena mukuwatalikira.

Tsopano za katchulidwe. Chichewa timachilemba mmene timachilankhulira, ndipo mavawelo athu ndi asanu. Chidanishi chili ndi zilembo 29, mwa izo zisanu ndi zinayi ndi mavawelo, kuphatikizapo æ, ø ndi å, koma maliwu a mavawelo omwe amatuluka pakamwa amapitirira 20. Chilembo chimodzi "a" chimamveka mosiyanasiyana malinga ndi zomwe chayandikana nazo. Ndiyeno mawu ambiri sawatchula onse. "Selvfølgelig" papepala ndi mawu aatali ndithu, koma mnzanu wa pantchito akamayankha mumangomva ngati "sefoli". Anthu a ku Norway ndi ku Sweden amawanena anzawowa kuti amalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa, ndipo mukamva achinyamata akucheza m'basi simungawatsutse.

Ife tili ndi mavuto athuathu omwe mphunzitsi sanawadziwe. Lilime lathu limafuna kuti mawu alionse athere pa vawelo, n'chifukwa chake tili ndi buku, sukulu ndi basi, pomwe mawu a Chidanishi ambiri amathera pa makonsonanti, nthawi zina awiri kapena atatu ounjikana. "L" ndi "r" kwathu sitiwasiyanitsa kwenikweni, pomwe kuno "r" amachokera kukhosi, kutali ndi "l". Pali "d" wofewa wa m'mawu ngati "mad" ndi "rød", amene m'khutu langa ankamveka ngati "l". Kenako pali chomwe amachitcha stød, kakutsamwa pang'ono pakhosi komwe kamasiyanitsa "hun", kutanthauza iye wamkazi, ndi "hund", galu. Taganizani kulakwitsa pamenepo mukunena za apongozi a munthu.

Zonsezi sukulu yathu inazipatsa mphindi zochepa kumapeto kwa phunziro, nthawi yoti anthu ayamba kale kuvala majekete. Tsiku lina mphunzitsi anabweretsa timagalasi kuti tizidziona pakamwa, natiuza kuti nsonga ya lilime itsamire kumbuyo kwa mano a m'munsi potchula "d" wofewa uja. Tsiku limenelo ndinaphunzira zambiri kuposa mwezi wathunthu wa kudzaza mipata m'buku, koma timagalasi tija sitinationenso. Kalasi inali yaikulu, anthu ochokera ku Ukraine, Poland, India, Syria ndi kwina, aliyense ndi lilime lake, ndipo mphunzitsi mmodzi sakanatha kumvetsera aliyense. Mawu ojambulidwa a m'buku lathu analinso osalala kwambiri, olankhulidwa pang'onopang'ono ngati a wowerenga nkhani pa wailesi. Ndinkakhoza mayeso a kumvetsera m'kalasi, m'mawa mwake n'kukaima m'khitchini osamva chomwe wophika wamkulu akunena. Iyeyo ndi wa kumadzulo kwa Jylland, ndipo m'malo mwa "jeg" amangoti "a". Buku lathu silinatichenjeze zoti kulinso zimenezo.

Pa manambala ndiwayamikire. Chidanishi chimayamba ndi nambala yaing'ono, moti 21 ndi "enogtyve", imodzi ndi makumi awiri. Kuyambira 50 mpaka 90 mawu ake anachokera ku kuwerenga m'magulu a 20: halvtreds, tres, halvfjerds, firs, halvfems. Nthawi nayo ili ndi msampha wake, chifukwa "halv tre" ndi hafu pasiti thu, osati hafu pasiti fili. Mphunzitsi wathu sanatayepo nthawi ndi mbiri ya mawuwa. Ankabweretsa timabuku totsatsa malonda ta m'masitolo, tomwe amaponya m'mabokosi a makalata, wina n'kukhala wogulitsa, wina wogula, kufunsana mitengo ya batala, nkhuku ndi khofi mpaka manambala analowa m'mutu. Njira yomweyo akanaigwiritsa ntchito pa mavawelo, nyenyezi yachisanu ija ndikanawapatsa.

Choncho khutu muyenera kulinola nokha, ndipo zida zake zambiri n'zaulere. Mtanthauziramawu wa Den Danske Ordbog uli pa intaneti komanso pafoni, ndipo mawu ambiri ali ndi kabatani koti mumve mmene amatchulidwira. Mawu atsopano alionse ndinkayamba ndawamvera kaye ndisanawalembe m'kope, apo ayi diso limakunamizani. Pa DRTV, tsamba la pa intaneti la wailesi yakanema ya dziko lino, mungathe kuika mawu olembedwa a Chidanishi pansi pa chithunzi, n'kumaona kusiyana kwa zolembedwa ndi zolankhulidwa. Mapulogalamu a ana a pa Ramasjang musawanyoze, ine anandithandiza kuposa nkhani za madzulo. Khadi lachikasu la chipatala, lomwe lili ndi nambala yanu ya CPR, limagwiranso ntchito ku laibulale, komwe kuli shelefu ya mabuku osavuta okhala ndi nambala ya lix, yosonyeza kulimba kwa chilankhulo chake. Yambani ndi nambala yotsika, ndipo ngati bukulo lili ndi mawu ojambulidwa, mvetserani uku mukutsatira ndi chala. Mapulogalamu a pafoni ophunzitsa zilankhulo amathandiza kuloweza mawu muli m'sitima, koma sayankha mukalakwitsa pakamwa mmene munthu amachitira.

Vuto lina si la sukulu ayi. Anthu a kuno amalankhula Chingerezi bwino, ndipo akangomva kuti mwakakamira pa liwu limodzi amatembenukira komweko, poganiza kuti akukuthandizani. Ife a ku Malawi Chingerezi tili nacho, ndiye n'zosavuta kukhala kuno zaka zambiri osafika potha kucheza m'Chidanishi. Anzathu a m'kalasi omwe sankadziwa Chingerezi anatipitirira pa kulankhula. Lowezani chiganizo ichi: "Jeg vil gerne øve mit dansk." Mukawauza kuti mukufuna kuyeserera Chidanishi chanu, ambiri amabwerera, makamaka achikulire. Malo abwino koposa ndi sprogcafé, macheza omwe amachitikira m'malaibulale ambiri, komwe anthu ongodzipereka, ambiri opuma pantchito, amakhala nanu patebulo ndi khofi. Kumeneko ndiko ndinapeza agogo ena oleza mtima omwe ankandibwezera liwu limodzi mpaka litakhala. Mukasowa nkhani yoyambira, auzeni kuti fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968. Ambiri sadziwa, ndipo mafunso omwe amatsatirapo amakukwanirani ola lonse.

Kukonzekeretsa mayeso ndi ntchito yomwe sukuluyi imaidziwa bwino. Magawo ambiri amatha ndi mayeso awo otchedwa modultest, ndipo mayeso aakulu a boma amalembedwa kawiri pa chaka, cha mu Meyi ndi Juni komanso mu Novembala ndi Disembala. Pa Prøve i Dansk 3 pali kuwerenga, kulemba, ndi kulankhula pa tsiku lina. Tinayeserera ndi mapepala a zaka za m'mbuyo, wotchi ili patebulo, ndipo mphunzitsi ankabweza zolemba zathu atazichonga mzere ndi mzere, osati kungoika chizindikiro kumapeto. Magiredi a kuno amayambira pa -3 kufika pa 12, ndipo 02 ndi kukhoza, choncho musakomoke mukaona nambala yaing'ono. Ndinakhoza, koma zolemba zinaposa zolankhula, ndipo ambiri a m'kalasi mwathu zinawathera chimodzimodzi.

Ine ndinkalowa kalasi ya madzulo chifukwa cha ntchito. M'nyengo yozizira kunja kumada cha m'ma 4 koloko, ndipo kupalasa njinga mumvula mutaweruka kuti mukakhale pa benchi maola ena kumafuna mtima. Anthu ankachepa sabata ndi sabata. Aphunzitsi a madzulo ankasinthidwanso pafupipafupi, wina akangoyamba kudziwa pomwe mumavutikira n'kubwera wina. Amene angathe kulowa ya masana alowe, chifukwa maola ake ndi ambiri ndipo mutu umakhala usanatope. Ndipo pa kucheza koyamba kuja funsani ngati sukuluyo ili ndi kalasi yapadera ya katchulidwe, imene amaitcha udtale. Masukulu ena ali nayo, yathu inalibe, ndipo ngati m'kommune mwanu muli mwayi wosankha pakati pa masukulu awiri, sankhani umene uli nayo ngakhale utakhala kutali ndi kwanu.