Ndemanga: maola atatu ndi wotitsogolera ku Vatican Museums ndi Sistine Chapel (nyenyezi 4 mwa 5)

Tinapita ku Roma mu Okutobala 2025 ndi gulu la kuparishi kwathu, paulendo wa Chaka cha Jubilee. Pulogalamu inatisiyira tsiku limodzi lopanda zochita, ndipo amayi anga, omwe ali ndi zaka 68, anali ndi pempho limodzi basi: akaone ndi maso awo tchalitchi cha Sistine, chipinda chimene makadinala anadzitsekeramo mu Meyi posankha Papa Leo XIV. Ndinagula pa intaneti malo awiri kukampani ina yoyendetsa alendo ku Vatican Museums, nyumba zosungiramo zithunzi ndi zinthu zakale zomwe umadutsamo popita kutchalitchiko. Gulu la anthu pafupifupi 20, wotsogolera wolankhula Chingerezi, maola atatu. Tiketi wamba yolowera inali mayuro 20, kuwonjezerapo 5 ukasungitsa malo pa intaneti, koma ife aliyense analipira kuposa kawiri pamenepo. Ndalama imeneyi ukaiwerenga m'makwacha mutu umazungulira, ndiye ndikulemba kuti mnzanga wopita kumeneko adziwe chimene akugula.

Choyamba ukugula mzere. Wa anthu opanda matiketi unali utatsata khoma la Vatican mpaka kukhota pakona, ife tinalowa pasanathe mphindi 20. Kwa munthu wa mawondo ngati amayi, chimenechi chokha n'chachikulu.

Koma phindu lenileni linali pabwalo lina lam'kati, lomwe lili ndi chipatso chachikulu cha paini chopangidwa ndi mkuwa. M'tchalitchi cha Sistine saloleza kulankhula, choncho otsogolera amafotokozera panjapo, pa zikwangwani zokhala ndi zithunzi za denga ndi khoma la kuguwa. Wotsogolera wathu, mayi wa Chitaliyana, anatiimika pamenepo pafupifupi theka la ola, iye akulankhula m'kawailesi kam'khutu, ine ndikunong'onezera amayi m'Chichewa.

Anayamba ndi Michelangelo, yemwe anajambula dengalo ngakhale ntchitoyi sankaifuna n'komwe. Iye ankadziona ngati wosema miyala, osati wopenta. Papa Julius II, munthu wosamva zokana, anamukakamiza mu 1508, ali ndi zaka 33, ndipo denga linatha mu 1512. Ambiri timamva kuti ankajambula atagona chagada. Ayi ndithu, ankaima pansanja, mutu atapendekera kumbuyo, utoto ukudonthera kumaso, mpaka analemba ndakatulo yodandaula za khosi ndi msana wake. Ndipo utotowo sankapaka pakhoma louma. Ankamata pulasitala ya njereza kachigawo koti amalize tsiku lomwelo, n'kujambulapo isanaume kuti mtundu ulowe m'khoma momwemo. Ukalakwitsa, n'kugumula. Amayi atamva izi anagwedeza mutu n'kuti, "Ndiye n'chimodzimodzi kuzira. Dothi likakuumira, wagwa nayo." Kuyambira pamenepo Michelangelo anamuwerengera ngati mmisiri mnzawo.

Chinthu china chimene sindikanachiona ndekha: Michelangelo anayambira kumapeto kwa nkhani ya padengapo, kwa Nowa, n'kumabwerera kuchiyambi cha dziko. Pachithunzi cha chigumula anthu ndi ambiri ndipo ndi ang'onoang'ono, moti uli pansi, mamita 20 kuchokera kudenga, umachita kufinya maso. Kupita chakuguwa anthu akucheperachepera koma akukula, mpaka Yona wakhala pamwamba pa guwa ngati chimphona chomwe chatsala pang'ono kugwa chagada. Umachita kuona munthu akuphunzira ntchito ali pantchito pomwepo.

Mpungwepungwe unayamba titafika pachikwangwani cha Chiweruzo Chomaliza. Amayi anavala magalasi, n'kuyang'anitsitsa, kenako anandikoka malaya. "Iwe, anthu osavalawa ali m'tchalitchi? Kumbuyo kwa guwa?" Ndisanayankhe, wotsogolera anali atayamba kale nkhani ya munthu wina amene anafunsa funso lomwelo zaka pafupifupi 500 zapitazo. Khomali Michelangelo analijambula kuyambira 1536 mpaka 1541, atapitirira zaka 60, pa nthawi ya Papa Paul III. Mkulu woyendetsa miyambo ya Papa, Biagio da Cesena, anadandaula kuti zithunzi zotere n'zoyenera kumalo osambira ndi kumowa, osati m'nyumba ya Mulungu. Michelangelo sanakangane naye. Anangotenga nkhope yake n'kuiika pakona yam'munsi, mbali ya kumanja, pa Minos woweruza wa kugahena, n'kumupatsa makutu a bulu ndi njoka yomukulunga thupi, ikumuluma pamalo osatchula. Nkhani imati atakadandaula kwa Papa anauzidwa kuti kukanakhala kupuligatoriyo akanamuthandiza, koma kugahena ulamuliro wa Papa sufikako. Gulu lonse linaseka kupatula amayi, omwe ananena motsitsa mawu kuti bamboyo ankanena zoona.

Ndipo mbali ina Mpingo unagwirizana nawo. Mu 1564, chaka chimene Michelangelo anamwalira, analamula kuti malo ena aphimbidwe, ndipo ntchitoyi inagwera mnzake Daniele da Volterra. Anthu anamupatsa dzina lachipongwe loti Braghettone, ngati kunena kuti wosoka makabudula. Tinsalu take tilipobe, ngakhale pambuyo pa kutsuka kwakukulu komwe kunatha mu 1994. Amayi anati ameneyo ndiye anali ndi khalidwe.

Tsopano pamene nyenyezi imodzi yagwera. Kampaniyi inalemba kuti kuyenda kwake n'kopepuka. Bodza. Pali masitepe okwera ndi otsika, makhonde ataliatali, limodzi la mapu a Italy lotalika mamita 120, ndipo anthu amadzaza ngati mumsika wa Limbe kumapeto a mwezi. Wotsogolera anathera nthawi yambiri kuziboliboli zakale, ndiye pofika kuzipinda zimene anajambula Raphael, wopenta wina wotchuka, tinali tikuthamangitsidwa. Kawailesi kanga kanayambanso kuphokosera ndikangotsalira pang'ono kudikira amayi. Pa chithunzi chotchuka cha anzeru a ku Athens, chomwe Raphael anajambula pakati pa 1509 ndi 1511 Michelangelo ali padenga chapafupi pomwepo, tinaimapo mphindi zosakwana 10. Ndinangotolapo kuti Plato, woloza kumwamba, akuti anapatsidwa nkhope ya Leonardo da Vinci, kuti munthu wakhala yekha kutsogolo atagwira tsaya, atavala nsapato zazitali, akuti ndi Michelangelo yemwe anamuwonjezerapo pambuyo, ndiponso kuti Raphael mwiniwake akusuzumira kumapeto chakumanja atavala kachipewa kakuda. Zina zonse zinapita ndi phokoso la wailesi. Choipa kwambiri, pamalonda awo anaikapo chithunzi cha Ambuye Yesu akusandulika paphiri, chomaliza cha Raphael asanamwalire mu 1520 ali ndi zaka 37. Chimenecho chili kunyumba ina yosungiramo zithunzi, Pinacoteca, ndipo ulendowu sudutsako. Ndinawalembera, sanayankhe.

M'tchalitchimo tinapatsidwa mphindi 20. Mulibe chete weniweni, muli kung'ung'udza kwa anthu mazanamazana, alonda akukuwa "Silenzio!" ndi kuletsa ojambula ndi mafoni. Tinapeza malo pabenchi ya m'mbali mwa khoma. Amayi anayamba kufunafuna mbaula yotulutsa utsi woyera, ndipo ndinawauza zimene tinamva panja, kuti mbaula ndi chumuni amaziika pa nthawi ya chisankho yokha n'kuzichotsanso. Anakhumudwa pang'ono.

Ine ndinakweza maso. Manja awiri aja a Mulungu ndi Adamu ndawaona kuyambira ndili mwana, pamakalendala ndi pazikuto za mabuku, ndipo ndinkaganiza kuti adzadza denga lonse. Ndi chithunzi chimodzi chabe mwa zisanu ndi zinayi za m'buku la Genesis, ndipo umachita kuchifufuza. Zala sizinakhudzane. Dzanja la Mulungu latambasuka ndi mphamvu, la Adamu lalefuka ngati la munthu amene sanadzuke bwinobwino. Kenako ndinatembenukira kuguwa n'kupeza Bartolomeo Woyera, amene anaphedwa mochita kusendedwa khungu, atanyamula khungu lakelo m'dzanja. Nkhope yolendewera pakhungupo akuti ndi ya Michelangelo. Munthu anajambula anthu oposa 300 pakhoma limenelo, ambiri amatupi ojintcha, yekha n'kudziika ngati chikopa chopanda kanthu chomwe chikulendewera pakati pa opulumuka ndi otayika. Pamenepa ndinakhalitsa, ndipo chikhala kuti sanatiuze panja paja bwenzi nditangoona ngati kansanza.

Amayi denga analisiya msanga chifukwa cha khosi. Maso awo anakakhazikika pakhoma lam'mbali, pamene anthu ambiri sayang'anapo n'komwe. Zithunzi za m'mbalizi n'zakale kuposa denga, za m'ma 1481 ndi 1482, pa nthawi ya Papa Sixtus IV yemwe tchalitchichi chinatengera dzina, ndipo anajambula ndi Botticelli, Ghirlandaio, Perugino ndi anzawo. Chimene chinawagwira ndi cha Perugino, mphunzitsi wa Raphael: Ambuye akupereka makiyi kwa Petro Woyera atagwada, pabwalo lalikulu loyalidwa bwino, atumwi ataimirira uku ndi uku, pakati pawo pali amuna ovala zipewa ndi mikanjo ya Chitaliyana cha nthawi imeneyo. Amayi anati zikuwakumbutsa ku Mua, komwe amisiri amasema ndi kujambula anthu a m'Baibulo ndi nkhope zathu. Wotsogolera chithunzichi anangochitchula mopitirira, ndipo ndimamuimba mlandu pang'ono, chifukwa chipinda chosankhiramo wolowa m'malo mwa Petro nkhani yake ili pamenepo.

Kodi ndingalipirenso? Kwa munthu wopita koyamba, inde, koma funsani kaye ngati Pinacoteca ilimo, sankhani gulu laling'ono la m'mawa, ndipo kawailesi mukayese musanachoke pakhomo. Mapewa ndi mawondo zikhale zophimbika. Chitenje cha amayi chinadutsa popanda funso, pomwe mtsikana wina wa m'gulu lathu anachita kudzikulunga sikafu. Ngati muli ndi wachikulire, kadyeni kaye ndipo tengani madzi.

Popeza mkati saloleza kujambula, tinagula makadi potuluka. Amayi anasankha la makiyi, ndipo pano lili pabalaza kwawo, pafupi ndi kalendala ya parishi. Langa la Chiweruzo Chomaliza anandiuza kuti likhale m'sutikesi, chifukwa pakhomo paja pamabwera abambo mfumu.