Maphunziro apadera a masana ku Chinamwali: zimene ndaona pa miyezi isanu

Mwana wa mchemwali wanga ali mu Fomu 3 pa sukulu ina ya CDSS ku Zomba, ndipo munthu amene wamuonapo pa bwalo la mpira kapena m'kwaya ya kutchalitchi sangakhulupirire kuti mnyamata wochezeka chotere anakhoza JCE mwamwayi chabe. Anzake amamumvera, akuluakulu amamutuma, koma akatsegula buku la masamu maso amakhala pa zenera. Monga malume ake, ndinamulembetsa kwa aphunzitsi ena opuma pantchito amene amaphunzitsa ana pakhonde la nyumba yawo ku Chinamwali masana aliwonse kupatula Lamlungu.

Chimene chinandikopa ndi chakuti aphunzitsiwa sanayese kumuletsa kulankhula monga ankachitira ena onse. Atamuona kwa sabata imodzi, anamuika m'gulu la ana anayi n'kumuuza kuti Lachinayi lililonse iye ndiye azifotokozera anzakewo mutu umodzi pa bolodi. Mnyamata amene sachita manyazi ndi chilichonse anapezeka kuti amaopa chinthu chimodzi, ndicho kuima pamaso pa anzake alibe chonena, choncho anayamba kuwerenga usiku wa Lachitatu popanda womukakamiza. Ndinakhalapo tsiku lina akufotokoza za ma fulakishoni, ndipo atasokoneza, aphunzitsi sanamudule mawu koma anafunsa mtsikana wina kuti, "Kodi mwagwirizana nazo zimenezi?" Mtsutso umene unabuka pamenepo unatenga mphindi khumi, ndipo yankho analipeza okha.

Anatulukiranso chimene ife kunyumba sitinkachiona. Vuto la mwanayu pa sayansi linali Chingelezi, chifukwa funso akalimasulira m'Chichewa ankaliyankha bwino lomwe. Zimenezi n'zofunika kwambiri, popeza pa MSCE munthu amene walephera Chingelezi salandira satifiketi ngakhale maphunziro ena atakhoza, ndipo kuti aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingelezicho. Tsopano theka la ola loyamba amawerenga ndime mokweza ndi kuifotokoza m'mawu ake.

Zodandaulitsa zilipo. Mayeso a MANEB atayandikira, pakhondepo panadzaza ana a Fomu 4, aphunzitsi anatanganidwa ndi mapepala a mayeso akale, ndipo magulu aang'ono aja anatha kwa milungu ingapo. Mwana wathu anabwerera ku macheza ake akale kumbuyo kwa gulu, ndipo sindinauzidwe kanthu mpaka nditafunsa ndekha. Mvula ikagwa ndi mphepo, maphunziro amaima chifukwa khondelo ndi lotseguka. Malipiro ndi apamwezi, amalandira pa Airtel Money kapena Mpamba, koma salemba lisiti pokhapokha mutapempha.

Zotsatira za teremu yachiwiri zinaonetsa kuti masamu wachoka pa 9 (kulephera) kufika pa 7 (kukhoza), Chingelezi wafika pa 6 (kirediti), pamene fizikisi sanasunthe ngakhale pang'ono. Ndamulipirira teremu ina, ndipo tagwirizana ndi aphunzitsiwo kuti nyengo ya mayeso ikadzafikanso gulu lake lizidzakumana Loweruka m'mawa, ana a Fomu 4 asanabwere.