Makina opalasa a Butterfly pa ntchito yosoka mphatso za zidutswa za chitenje

Makina akuda a Butterfly, aja okhala ndi maluwa agolide pamsana, ndi amene mumawaona ndi atelala ambiri m'makhonde a masitolo ku Limbe, ku Zomba ngakhale ku Mzuzu. Ntchito imene timawadziwa nayo ndi ya mayunifolomu, masiketi ndi kupinda mathalauza. Ife tawayeza pa ntchito ina: kusoka mphatso, monga choyalira khanda cholumikiza zidutswa za zitenje, chikwama chopitira kumsika, ndi tinsalu tophulira mphika pamoto. Polumikiza zidutswa sitiwapezera chifukwa. Pa zikwama ndiye kwawo. Koma zikafika pa nsalu zitatu zosanjikiza, makinawa amafuna munthu wodekha amene akudziwa pomwe amafooka.

Butterfly ndi dzina la ku Shanghai, m'dziko la China, ndipo makina akudawa anatengera kapangidwe ka Singer 15, makina amene anayamba kupangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ubwino wake ndi wakuti bobini (kosungira ulusi wapansi), singano, lamba ndi kaphazi kopanira nsalu sizisowa, ndipo okonza makina m'misika amawadziwa mkati ndi kunja. Amasoka msoko umodzi wokha, wowongoka. Zigizagi palibe, zibowo za mabatani satha. Pa mphatso zimene tikunenazi zimenezi sizodandaulitsa kwenikweni, chifukwa m'mphepete modulidwa mwa nsalu mumabisika pakati pa nsalu yakunja ndi yamkati. Komanso magetsi akazima wopalasa amangopitiriza ntchito yake.

Tiyambe ndi choyalira khanda, chimene ena amachitchula kuti quilt, popeza ndicho chimaonetsa bwino mphamvu ndi zofooka za makinawa. Dulani zidutswa 80 za mainchesi 5 mbali zonse. Muziika mizere 10, mzere uliwonse zidutswa 8. Msoko uzidutsa kota ya inchi kuchokera m'mphepete mwa nsalu, ndipo choyaliracho chikatha chikhala pafupifupi mainchesi 36 m'lifupi ndi 45 m'litali. Ngati zotsalira za kwa telala zilipo, ndizo zabwino, chifukwa mitundu imachuluka. Ngati mukugula, dziwani kuti chitenje chimakhala mainchesi 44 kapena 45 m'lifupi, kotero kamzere kamodzi ka mainchesi 5 kamatulutsa zidutswa 8, ndipo mukufuna timizere 10 pamodzi, kuchokera ku zitenje zitatu kapena zinayi zosiyana. Chitenje china chathunthu cha mayadi 2 chikwanira nsalu yakumbuyo ya mainchesi 40 ndi 49, n'kutsalanso yodulamo timizere 5 ta mainchesi 2 ndi theka tophimbira m'mphepete.

Musanagwire sizasi, chapani zitenje zonse, chilichonse pachokha. Chitenje chatsopano chimabwera cholimba ndi sitachi, ndipo chikalowa m'madzi chimabwerera pang'ono. Zidutswa zina zikakhala zochapa zina zosachapa, tsiku loyamba limene mayi wa mwana adzachape mphatsoyo idzakhwinyata mosiyanasiyana, ndipo simbi sidzaiwongola. Zofiira ndi zobiriwira kwambiri zina zimachucha utoto. Nyowetsani kansalu koyera, kapakeni pachitenjecho, ndipo kakasintha mtundu chapaninso kufikira madzi atayera. Chimene chikuchuchabe mutachapa katatu chisalowe m'choyalira.

Chachiwiri, musasakanize thonje ndi poliyesita. Pamsika pali zitenje zambiri zowala, zoterera, zotsika mtengo, zimene si za thonje. Kuzizindikira n'kosavuta: dulani kachidutswa kakang'ono, kagwireni ndi chopanira, kayatseni ndi machesi. Thonje limayaka ndi fungo la pepala n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesita amasungunuka n'kusiya kambulu kolimba kakuda. Ameneyu amaterereka pansi pa kaphazi, amapsa ndi simbi ya makala, ndipo pa tinsalu tophulira mphika ndi woopsa, chifukwa akasungunuka amakakamira pakhungu.

Pa kulumikiza zidutswa makinawa amasangalatsa. Kabowo kolowa singano ndi kakang'ono, kozungulira, kotero ngodya ya kansalu simezedwa pansi monga zimachitikira kawirikawiri pa makina amagetsi a zigizagi amene kabowo kake ndi kotambalala. Msoko umatuluka wowongoka ndi wofanana. Mapazi ndiwo amalamula liwiro, ndiye pofika pamphambano ya misoko mutha kupita kamodzikamodzi popanda makina kuthamanga okha. Gwiritsani singano ya nambala 14, ndipo muike msoko woti pa inchi imodzi singano ibaye ka 12. Manambala a pa kachitsulo kosinthira msoko musawadalire kwambiri. Sokani pa kachigamba, ikani tepi yoyezera, muwerenge nokha.

Chimene makinawa alibe ndi chizindikiro chodalirika cha kota ya inchi. M'mphepete mwa kaphazi si muyeso, ndipo apa ndi pomwe oyamba kumene amalakwa. Mukaphonya pang'ono pokha pa msoko uliwonse, pa misoko 7 ya mzere umodzi kuphonyako kumasonkhana, mizere n'kusiyana kutalika, ngodya za zidutswa osakumana. Mankhwala ake ndi otchipa: tsitsani singano pa tepi yoyezera, pezani kota ya inchi kumanja kwa singanoyo, mumatepo tepi yomata yosanjikiza katatu kapena kanayi kuti ipange kakhoma komwe nsalu izitsamira. Mukatha mzere, sitani misoko yake yonse kuloza kumanja, ya mzere wotsatira kuloza kumanzere. Polumikiza mizere iwiriyo misoko imakolana yokha, ndipo pamphambano sipakhala chotupa. Posita muziika simbi n'kunyamula, osaikhwekhwereza, kuopa kukoka nsalu.

Vuto lenileni limayamba mukasanjikiza nsalu zitatu: yakumbuyo pansi, yofewa pakati, ya zidutswa pamwamba. Mano a makina, aja ali pansi pa kaphazi, amakoka nsalu yapansi yokha, pomwe kaphazi kamakanikiza yapamwamba n'kuichedwetsa. Pa msoko wa mainchesi 45 yapamwamba imatsalira, imayamba kutukumuka patsogolo pa kaphazi, ndipo kumapeto mumapeza khwinya losokereredwa. Makina ena amakono ali ndi kaphazi koyenda kamene kamakoka nsalu yapamwamba limodzi ndi yapansi. Butterfly sabwera nako, ndipo tambiri togulitsidwa padera tinapangidwira makina a zigizagi, kotero mano ake sagwirizana bwino ndi a makina akudawa. Musagule musanayese pamakina anu.

Komabe ntchitoyi imatheka, ndipo imatuluka bwino mukachita zinthu zingapo. Pakati musaike chinthu chokhuthala. Nsalu ya fulanelo, kapena kabulangete kopyapyala ka thonje ka pa kaunjika kochapa bwino, n'kokwanira. Siponji ndi bulangete lochindikala zisiyeni. Yalani nsalu yakumbuyo pa tebulo kapena pa simenti yoyera, kumaso kwake kuyang'ane pansi, imateni m'ngodya kuti ikhale yowongoka koma yosakokedwa, kenako sanjikani zinazo. Tsopano tengani singano yapamanja ndi ulusi wa mtundu wooneka, musoke misoko italiitali yongogwirizira, kuyambira pakati kupita kunja, mizere yotalikirana mainchesi 4 mopingasa ndi mowongoka. Zimatenga nthawi, inde, ndipo ambiri amafuna kudumpha gawo limeneli n'kungobaya mapini, koma pa makina amenewa kugwirizira ndi dzanja ndiko kumapulumutsa ntchito yonse. Mukatero masulani pang'ono sikuluu ya pamwamba pa mutu wa makina imene imakanikiza kaphazi, sinthani singano muike ya nambala 16, ndipo talikitsani msoko ufike 8 pa inchi. Yambani ndi mzere wapakati. Manja onse awiri akhale chafufumimba mbali ziwiri za singano, kuyala nsalu osati kuikoka. Mpata wa pakati pa singano ndi thupi la makina ndi pafupifupi mainchesi 7, kotero mbali yakumanja muziikulunga ngati mkeka kuti idutse. Choyalira khanda chimadutsa popanda nkhondo. Chofunda cha bedi la anthu awiri musayerekeze, chimalemera, chimakoka singano n'kuithyola. Chimenecho lumikizani zidutswa pamakina, koma nsalu zitatuzo muzimange ndi mfundo za ulusi wokhuthala pamphambano iliyonse.

Mawu amodzi kwa wopereka mphatsoyi, makamaka pamene mwana akutuluka m'chikuta: musasokerepo mabatani kapena mikanda, chifukwa zikathothoka mwana amaika m'kamwa. Ndipo muwauze amake kuti n'choyala pansi pomugoneka masana wamkulu ali pompo, osati chomufunditsa usiku, chifukwa khanda silitha kuchotsa nsalu yolemera ikaphimba nkhope.

Pa chikwama makinawa amaposa ambiri amagetsi a pulasitiki. Dulani nsalu ziwiri za chitenje za mainchesi 16 ndi 17, zina ziwiri zamkati zofanana nazo, makamaka za jinzi yakale kapena nsalu ina yolimba. Zogwirira zikhale mainchesi 4 ndi 24, zopinda kanayi kuti zitsale inchi imodzi, zosokedwa mbali zonse ziwiri. Pamene chogwirira chikumana ndi mlomo wa chikwama pamakhala nsalu zisanu ndi imodzi kapena kuposa, ndipo Butterfly amaboola ndi singano ya 16 kapena 18 popanda kudandaula. Pamalo otero lekani kupalasa, yendetsani gudumu ndi dzanja, ndipo ikani kachigamba kopinda kumbuyo kwa kaphazi kuti kasapendekeke pokwera chitunda. Kaphazi kakapendekeka mano sagwira, makina amabaya malo amodzi, ulusi n'kuunjikana. Sokani kabokosi ndi mtanda mkati mwake pa chogwirira chilichonse, chifukwa chikwama chimayamba kung'ambika pomwepo.

Tinsalu tophulira mphika ndi ntchito ya madzulo amodzi: mainchesi 8 mbali zonse, thawulo lakale la thonje losanjikiza kawiri pakati, mizere yosoka yotalikirana inchi imodzi. Timayenera bwino pa chinkhoswe kapena kwa amene akulowa m'nyumba yatsopano. Thawulo losasanjikiza silikwanira, kutentha kwa sefuliya kumadutsa.

Zovuta zambiri zimene anthu amanenera makinawa zimachokera ku singano ndi ulusi. Singano yake ndi ya makina apakhomo, yolembedwa HAx1 kapena 15x1, yokhala ndi mbali imodzi yophwatalala kumutu. M'masitolo mumapezekanso DBx1, yozungulira mutu wonse, ya makina a m'mafakitale, ndipo imeneyo ikalowa mu Butterfly msoko umadumphadumpha. Poika singano, mbali yophwatalala imayang'ana kumanja, ku gudumu, kangalande katali kamayang'ana kumanzere, ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanzere. Ikankheni mpaka igunde pamwamba musanamange. Mukaona ulusi wapotana ngati chisa pansi pa nsalu, musathamangire sikuluu ya bobini, chifukwa nthawi zambiri wolakwa ndi ulusi wapamwamba umene sunalowe pakati pa timbale tiwiri toupana. Kwezani kaphazi, timbaleto titseguke, mulowetsenso ulusi kuyambira pachiyambi. Ulusi ukamaduka poyamba kupalasa, onani gudumu: liyenera kuzungulira kubwera kwa inu, ndipo likabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono ulusi umakodwa. Liyambitseni ndi dzanja lamanja, mapazi alandire. Ndipo poyamba msoko uliwonse gwirani michira iwiri ya ulusi kumbuyo kwa kaphazi kufikira singano itabaya katatu.

Chitenje ndi fulanelo zimasiya ubweya wambiri. Mukatha choyalira chimodzi masulani kambale ka pansi pa singano, chotsani ubweya pakati pa mano ndi kamswachi, mudonthezere dontho limodzi la mafuta pamene pamayenda chitsulo chonyamula bobini. Mafuta akhale a makina osokera, oyera aja. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka phula, makina n'kulimba, ndipo kuwamasula kumafuna kutsuka ndi parafini. Mukathira mafuta sokani kaye pa chigamba, kuti dontho lisadzagwere pa mphatso. Lamba wachikopa amatamuka pakapita nthawi: mapazi akamapalasa koma singano ikuzengereza pa nsalu yokhuthala, masulani kawaya kolumikiza lambayo, dulani theka la inchi, boolani kabowo katsopano, mulumikizenso. Musamukokenso kwambiri, kupalasa kumalemera.

Pogula, atsopano kapena ogwiritsidwapo kale, tengani zigamba zanu. Makina akuda a mtundu uwu amafanana maonekedwe koma sasoka mofanana, ndipo ena atsopano amabwera olimba, osasalala m'kati. Pindani chitenje kanayi musoke, kenako jinzi. Tembenuzani muone ngati msoko wapansi ukufanana ndi wapamwamba. Gwedezani chitsulo chogwira singano: chikamasewera uku ndi uku, makinawo atha. Yesani kachitsulo kobwezera msoko m'mbuyo ngati kalipo, ndi kozengera ulusi pa bobini, kamene kampira kake kamatha msanga koma n'kotchipa. Yang'ananinso tebulo. Ambiri atsopano amabwera ndi tebulo la matabwa oumba ndi utuchi, limene limafufuma likanyowa ndipo masikuluu ogwira mutu amazuka, kotero mutu wabwino pa tebulo lakale la matabwa enieni ndi miyendo yachitsulo umaposa zonse zatsopano zonyezimira. Amene cholinga chake ndi zovala za ana za nsalu yotamuka, kapena kupeta maina pa mphatso, makina awa si ake, afune a zigizagi. Wa zidutswa za chitenje, zikwama ndi zoyala patebulo awagule, ndipo tsiku lomwelo agulirenso paketi ya singano za 14 ndi 16, mabobini asanu ndi kabotolo ka mafuta.