Kamu ya 272 pa Citi Golf 1.8, ndaipatsa nyenyezi 4

Kwa amene mukumanga injini ya Citi Golf kapena Golf 1 iliyonse ya 8 valve ndipo mwafika posankha kamu (camshaft, shafti imene imatsegula mavalavu), iyi ndi ndemanga yanga pa 272 ya hydraulic imene ndinagula kwa anthu ena osula makamu konkuno ku Joni. Ndayenda nayo miyezi ingapo tsopano, kuntchito tsiku ndi tsiku mu mpanipani wa pa M1 uja komanso ulendo wa pa N3 kutsikira ku Durban, ndiye ndikutha kulankhulapo. Ndi kamu yabwino, nditati ndiyambirenso ndingagule yomweyi, koma nyenyezi imodzi ndawachotsera ndipo chifukwa chake ndinena.

Injini yanga si ya mpikisano ayi. Ndi 1.8 ya injection, pansi ma pisitoni ndi a standard, hedi tinaipala pang'ono ndi kusalaza ma port, branch (mapaipi otulutsa utsi pa hedi) ya 4-2-1 ndi ekizozi ya 57mm basi.

Anyamata a ku workshop onse amandikakamiza 288, ati mani ikani yaikulu anthu azidziwa kuti mwafika mukaima pa roboti. Zoona 288 imalira bwino, kubwebweta kuja pa aidulo kumakoma, sindikana. Koma nambala imeneyi si ya phokoso, ndi ma digiri amene crank imazungulira valavu ili yotsegula, ndiye ikamakula nthawi imene valavu yolowetsa ndi yotulutsa zili zotsegula limodzi imakulanso, mphamvu imasamukira kumtunda ku ma rev ambiri ndipo kumunsi kumatsala kopanda kanthu. Tsono ganizani Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera kunyanja, mpweya ndi wopepuka, galimoto yopanda turbo imakhala itafooka kale poyerekeza ndi ku Durban, inu nkuichotseranso kamphamvu kotsalako kakumunsi pomwe compression simunakweze. Mudzakhala mukupsereza kilatchi ponyamuka pa chitunda chilichonse taxi ikukuimbirani hutala kumbuyo. Palinso nkhani ya vacuum, kamu yaikulu imaichepetsa pa aidulo, booster ya mabuleki imadalira yomweyo, komanso kompyuta ya MP9 imene ili pa ma Citi a injection imawerenga pressure ya mu manifold ndiye ikasokonezeka aidulo imangokwera ndi kutsika mpaka mugule kompyuta ina ngati Dicktator kapena Gotech ndi kulipira tuning. Ndalama imeneyo ndinalibe. Ndi 272 MP9 yanga ikupirira, m'mawa kukazizira imasakasaka pang'ono koma siizima.

Musanalipire funsani zinthu izi, chifukwa wogulitsa sangakuuzeni yekha. 272 ya kampani iyi ndi 272 ya kampani ina sizifanana, aliyense amayezera poyambira pake, ndiye funsani ma digiri ake pa lift (mmene valavu yatsegukira) ya 1mm komanso lift yonse ndi ma millimita angati, kuti makaniko aone ngati ma spring a mavalavu safika popanikizana mpaka kugundana. Dziwaninso hedi yanu, ma 8 valve akale ali ndi ma follower (timakapu timene kamu imakankha potsegula valavu) a shim, tizitsulo tosinthira mpata, atsopano ndi a hydraulic, osintha mpata okha ndi oilo, ndipo kamu ya uku sigwira uko. Ine ndinatenga ya billet, yosulidwa kuchokera ku chitsulo chatsopano, osati regrind imene amangopala kamu yakale. Regrind ndi yotchipa inde koma amachepetsa msana wa lobe (chotupa cha pa kamu chimene chimakankha follower) ndiye nthawi zina follower siifikira bwino, mumayamba kuvutika ndi ma shim.

Tsopano kuilizitsa koyamba, apa ndi pamene anthu ambiri amaphera kamu yatsopano kenako nkumati chitsulo chake ndi chabodza. Kamu yatsopano imafuna ma follower atsopano, onse 8, palibe zokambirana. Akale aja anadyana kale ndi kamu yakale, pamwamba pake pali njira yake, mukawaika pansi pa lobe yatsopano amaidya. Makaniko wanga, mdala wina wa ku Mozambique amene wagwira ma Golf kuyambira kale, anapaka mafuta olimba a moly aja pa lobe iliyonse ndi pamwamba pa follower iliyonse, kumanga ma cap pang'onopang'ono mosinthanasinthana kuti kamu itsike mowongoka isathyoke, kenako torque wrench pa 20Nm. Atamaliza anati tikhale pansi timwe tiyi. Ndimaona ngati ulesi koma ayi, ma follower a hydraulic atsopano amafuna mphindi 30 kuti akhazikike, mukaliza msanga valavu itha kukhala yotsegula nkukumana ndi pisitoni. Tisanagwire kiyi anazungulitsa injini ndi sipanala kawiri kumva ngati palibe chogunda.

Oilo tinaika wa mineral 20W-50 wokhala ndi zinc wambiri, osati synthetic. Ma oilo ambiri a masiku ano anachepetsa zinc ndi phosphorus pofuna kuteteza catalytic converter, pomwe kamu yokhuzana ndi follower yafulati imadalira zomwezo pamene zitsulo ziwirizi zikuzolowerana. Ndiye werengani chigubu, musangotenga chifukwa ndi chodula.

Chinanso, zonse zikhale zokonzeka kuti injini ilire kamodzi nkamodzi. Batire yodzadza, petulo alipo, madzi alimo, taimingi yaikidwa kale. Mukamangopukusa sitata kwa nthawi yaitali mafuta munapaka aja amapukutika oilo asanafike. Yathu inalira msanga, nyali ya oilo itangozima mdala anaikweza pa 2,000 ndipo kwa mphindi 20 timaisewera pakati pa 2,000 ndi 2,500, osailola kutsika pa aidulo ngakhale pang'ono, chifukwa pa ma rev ochepa oilo amafika wochepa ndipo mphuno ya lobe imakanikiza follower kwambiri. Mphindi 20 zimenezo ndi zazitali abale, galimoto ili chiimire ikukuwa, branch yatsopano ikununkha utsi wa penti, ma neba akusuzumira pa mpanda, wina maso pa geji ya kutentha wina akuyang'ana pansi ngati pakudontha. Mukaona vuto zimitsani, konzani, mukaliza mubwerere pomwepo pa 2,000, osati kuisiya pa aidulo muli kufunafuna sipanala. Ma follower anagogoda pang'ono poyamba kenako anakhala chete atadzadza oilo. Titazimitsa tinakhetsa oilo akadali wotentha, fyuluta kusintha, ndipo tinatsegula kava kuona ma lobe onse, anali osalala opanda mzere. Oilo ndinasinthanso nditayenda makilomita pafupifupi 1,000, ndipo nthawi yonseyo sindinaipondereze mpaka ku red.

Mmene ikuyendera. Pansi pa 2,000 yataya pang'ono, ponyamuka mumafuna kuwonjezera moto kusiyana ndi kale, koma masiku ochepa phazi limazolowera. Ikangodutsa 3,000 ndiye eee, imakoka mosalekeza mpaka cha ku 6,500 pomwe kale ikafika 5,000 imakhala yatopa ikungopanga phokoso. Kupitirira ma truck pa chitunda cha Van Reenen pa N3 giya yachitatu imakwana. Ku Durban kunsi kuja mpweya uli wokwanira ndiye imachita ngati ina, ndinabwerako ndikudandaula kuti bwanji sindikhala konko kkkk. Petulo ikudya mowonjezera pang'ono mtauni, pamsewu wautali sindikuona kusiyana bola phazi likhale laulemu.

Vernier pulley, yotha kusunthika yosinthira taimingi ya kamu, musaiwale kuiika mu bajeti. Hedi ikapalidwa kamu imayandikira crank, taimingi yake imatsalira pang'ono, ndipo ndi pulley ya standard simungaibweze ndendende. Titaisuntha pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, kupita kutsogolo pang'ono, kumunsi kuja kunadzukako ndithu.

Nyenyezi yachisanu yapita chifukwa cha mmene amagulitsira. Kamu inabwera yokulungidwa bwino, yosakandika, koma mu bokosi munalibe pepala lililonse, kaya la ma digiri, kaya la lift, kaya la mmene mungailizire koyamba, ngakhale kapaketi ka mafuta opaka kaja. Manambala a taimingi ndinachita kuwapempha pa WhatsApp, kuyankha kwake mpaka mawa lake, ndipo amene anandiyankha anangonditumizira chithunzi cha pepala lolemba pamanja. Ine ndinali ndi mdala wodziwa, nanga mnyamata amene akumangira kuseli kwa nyumba Loweruka ndi anzake? Aika pa ma follower akale, aisiya pa aidulo kuti ajambule vidiyo ya phokoso, pakutha mwezi lobe imodzi yafafanizika, zitsulo zalowa mu oilo mpaka ku ma bearing. Pepala limodzi lokha likanateteza zonsezo, ndipo ndinawauza choncho.