Ndemanga yanga pa plywood ya m'madzi imene ndinapangira boti la thanga

Patha chaka chathunthu chigulireni matabwa 5 a plywood ya m'madzi, imene ogulitsa amaitcha marine plywood, m'sitolo ina ya zipangizo zomangira kuno ku Lusaka, ndipo ndadikira dala nthawi yonseyi ndisanalembe chifukwa ndimafuna kuona kaye mmene matabwawo angakhalire akanyowa ndi kuuma kangapo. Ndinapangira boti la thanga lotalika mamita 3 ndi pang'ono pakhonde lakuseri kwa nyumba yathu ku Chilenje, ndipo pofika lero lalowa m'nyanja ya Kariba, ku Siavonga, maulendo anayi.

Thabwa lililonse ndi la mamilimita 2440 m'litali, 1220 m'lifupi ndi 6 kuchindikala kwake. Ndi la mtengo wa okoume, umene umamera ku Gabon ndi maiko oyandikana nalo, ndipo pakona pali chidindo cha BS 1088, muyezo wa ku Britain wa plywood yopangira maboti. Ndinalipira pafupifupi katatu poyerekeza ndi plywood wamba imene akalipentala a ku Kalingalinga amapangira makabati, choncho mayi a kunyumba atafunsa ngati panalidi kusiyana kapena ndangogula chidindo, ndinaona kuti funso lawo linali lomveka. Ndinadula tizidutswa tiwiri, kena ka mtundu uwu ndi kena ka wamba, n'kutiwiritsa mumphika kwa ola limodzi, kutiyanika padzuwa, kenako kutiwiritsanso. Ka wamba kanamatuka magawo ake onse ngati masamba a kabichi. Ka m'madzi kanangosintha mtundu pang'ono, koma ngakhale nditalowetsa nsonga ya mpeni pakati pa magawo ake, guluu sanalekerere.

Ubwino weniweni wa matabwawa uli mkati, ndipo munthu amauona akayang'ana m'mbali mwa podulidwa. Muli magawo 5 ochindikala mofanana, opanda mphako ngakhale imodzi, pamene plywood wamba imene ndinayerekeza nayo inali ndi magawo 3 okha, lapakati lonenepa komanso lamabowo apa ndi apo. Kwa wopanga kabati zimenezi si nkhani, koma ine ndinatsata njira yosoka ndi kumata, imene inatchuka ndi boti la Mirror limene Jack Holt ndi Barry Bucknell anakonza mu 1962. Pa njirayi mumaboola timabowo m'mphepete mwa matabwa, n'kuwasoka ndi waya wa kopa mpaka atapindika kukhala boti, kenako mumamata misoko yonse ndi epoxy (guluu wamadzimadzi amene akauma amalimba ndipo salowa madzi) ndi tepi ya fibreglass (nsalu yoluka ndi ulusi wa galasi). Thabwa lokhala ndi mphako mkati limathyokera pomwepo mukamalipinda. Tsiku limene timakoka matabwa a pansi kuti akumane kutsogolo kwa boti, pamene pamapindika kwambiri, mwana wanga wamkazi ndiye amagwira mbali inayo, ndipo tonse tinali chete kumvetsera ngati pamveke kulira kwa thabwa long'ambika. Silinalire, linapindika mofatsa mbali zonse ziwiri mofanana. Kupepuka kwake kunandithandizanso, pakuti thabwa limodzi limalemera pafupifupi makilogalamu 9, ndipo boti lonse timalinyamula anthu awiri kukaliika pangolo yokoka ndi galimoto.

Pali zinthu ziwiri zimene sizinandisangalatse, ndipo zonse zikukhudza sitoloyo osati matabwa. Choyamba, amawasunga chotsamiritsa kukhoma m'malo mowagoneka pansi, moti limodzi linabwera lokhota ndi kona yobenthuka, ndipo ndinataya masabata awiri ndikulipsinja ndi mabuloko a simenti kuti liwongoke. Chachiwiri ndi chachikulu. Mnyamata wogulitsa anandiuza mwaulemu ndithu kuti, "Bambo, iyi siwola, ngakhale musaipake kanthu." Mawu amenewa si oona, ndipo angathe kuwonongetsa munthu ndalama ndi ntchito ya miyezi. Chimene sichiopa madzi ndi guluu womata magawo, koma okoume weniweniyo ndi mtengo wofewa umene umawola ukakhalitsa pachinyezi. Ndinapaka epoxy katatu mkati ndi kunja, makamaka m'mbali modulidwa mmene mumamwa madzi kwambiri, ndisanapake utoto. Malo amodzi pansi pa pokhalira burashi sinafike bwino, ndipo itatha nyengo ya mvula ndinapeza padera bii, moti ndinachita kupala, kuumitsa ndi kupakanso.

Kufewa komweko kumafunanso kusamala pogwiritsa ntchito sandipepa, chifukwa gawo lakunja ndi lopyapyala ndipo makina amalidya msanga mpaka mzere wakuda wa guluu kuonekera. Ine ndinasalaza ndi manja mbali yaikulu, poti magetsi amathimathima nthawi imeneyo, ndipo zinandikomera. Poopa miyala ya pagombe, ndinagula mukwa pamsika wa Buseko, mtengo umene ena amautcha mlombwa, n'kucheka timizere tokhomera kunsi kwa boti ndi m'mphepete mwake. Mlongoti ndi chiwongolero ndinapangira matabwa ena, choncho sizikulowa mu ndemanga iyi.

Ulendo wochoka ku Lusaka kudzera ku Kafue mpaka ku Siavonga ndi wa makilomita pafupifupi 200, ndipo zitunda ndi makhotakhota a kumapeto kwake zimagwedeza ngolo kwambiri. Nthawi iliyonse tikafika ndimayamba ndagogoda boti lonse ndi chala kumvetsera ngati pali pamene pamatuka, ndipo mpaka pano sindinapeze. Paulendo wachitatu mphepo inakula masana, mafunde n'kumamenya kutsogolo kwa ola lathunthu, koma madzi amene tinakapa anali olowera pamwamba okha, pamisoko panali pouma.

Matabwawa ndingawagulenso, ndipo m'sitolo yomweyo, popeza kwina kumene ndinafunsa sindinawapeze. Kungoti ulendo uno ndidzapempha kuti anditulutsire a mkati mwa mulu, ndidzayang'ana chidindo ndi m'mbali mwa lililonse ndisanalipire, ndipo ndidzabwera ndi galimoto yoti agonemo chathyathyathya. Ndikufuna awiri ena a mamilimita 6 opangira mabokosi otsekeka a mpweya kutsogolo ndi kumbuyo, kuti boti likadzagudubuzika lisadzamire mwana wanga akadzayamba kuliyendetsa yekha.