Telesikopu ya mamilimita 70 ndi zimene imaonetsa za mwezi wa Europa

Ndakhala ndi telesikopu yaing'ono iyi kwa miyezi isanu, ndipo chimene chinandichititsa kuti ndiigule chinali chimodzi chokha, chomwe ndi kufuna kuona ndi diso langa Europa, mwezi wa pulaneti ya Jupiter umene unakutidwa ndi madzi oundana mbali zonse. Galasi lake lakutsogolo ndi la mamilimita 70 m'mimba mwake, ndipo imabwera ndi timagalasi tiwiri tosuzumirapo, kena kokulitsa zinthu ka 28, kena ka 70.

Zofooka zake zilipo ndipo sindizibisa. Miyendo itatu imene imaimapo ndi yopepuka kwambiri moti kamphepo kakangoomba pang'ono, Jupiter amagwedezeka mpaka diso kutopa. Wogula asakhulupirirenso chiwerengero chachikulu chimene chinalembedwa pakatoni, chifukwa galasi la msinkhu uwu likakulitsa chinthu kupitirira ka 140 limangoonetsa chimbuuzi. Komanso popeza dziko lathu limazungulira, Jupiter amatuluka m'galasi pakangopita mphindi zochepa, ndipo munthu amayenera kumamutsatira ndi dzanja.

Koma usiku wopanda mitambo, telesikopuyi imachita bwino ntchito imene ndinaigulira. Miyezi inayi ikuluikulu ya Jupiter, yomwe ndi Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, imaoneka ngati timadontho towala tondanda pamzere umodzi, monga mmene katswiri wa zakuthambo Galileo Galilei anaionera mu Januwale 1610. Europa amazungulira Jupiter m'masiku atatu ndi theka, choncho malo ake amasintha usiku uliwonse. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kusiyana kwa kuwala. Callisto ndi wamkulu, wa makilomita pafupifupi 4,800 m'mimba mwake, pamene Europa ndi wa makilomita pafupifupi 3,100, wocheperako pang'ono kuposa mwezi wathu, komabe Callisto ndiye amaoneka wozimiririka. Chifukwa chake ndi chakuti pamwamba pa Europa pali madzi oundana oyera amene amabweza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kuwala kwa dzuwa, pamene madzi oundana a Callisto ndi akalekale ndipo anasakanikirana ndi fumbi lakuda. Umenewu ndiwo umboni wokhawo wa kapangidwe ka Europa umene munthu angaupeze ndi chipangizo chotsika mtengo ngati ichi, ndipo kwa ine ndi umboni wamtengo wapatali chifukwa ndinauona ndekha.

Zina zonse zokhudza kadontho kameneka tinazidziwa kudzera m'zombo za m'mlengalenga ndi matelesikopu akuluakulu, makamaka chombo chotchedwa Galileo chimene chinazungulira Jupiter kuyambira mu 1995 mpaka mu 2003. Ngakhale kuti Europa amatchedwa mwezi wa madzi oundana, mbali yake yaikulu ndi miyala, chifukwa amalemera kuwirikiza katatu kuposa madzi amene angadzaze malo ofanana naye, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti pakatikati pake pali chitsulo. Madziwo ali ngati chikhungwa chakunja. Pamwamba pamazizira madigiri Celsius pafupifupi 160 pansi pa ziro, malo ena kuposa pamenepo, moti madzi oundanawo ndi olimba ngati thanthwe, ndipo akuyerekezedwa kuti ndi ochindikala makilomita 15 mpaka 25. Pansi pake, malinga ndi mmene Europa amasokonezera mphamvu ya maginito ya Jupiter, pakuoneka kuti pali nyanja yamchere yakuya makilomita 60 mpaka 150, imene ingakhale ndi madzi owirikiza kawiri madzi a m'nyanja zonse za padziko lathu. Nyanjayi siundana chifukwa mphamvu yokoka ya Jupiter imafinya ndi kumasula mweziwo paulendo wake uliwonse, ndipo kufinyako kumatulutsa kutentha m'kati. Mu 2019 ofufuza ogwiritsa ntchito telesikopu ya Hubble analengeza kuti apeza zizindikiro za mchere wofanana ndi wothira m'ndiwo pamalo ena a Europa otchedwa Tara Regio, ndipo mu 2023 telesikopu ya James Webb inapeza mpweya wa carbon dioxide m'dera lomwelo. Mizere yofiirira imene imaoneka pazithunzi za Europa, telesikopu yangayi siingaionetse ngakhale pang'ono.

Ndingailimbikitse kwa mphunzitsi wa sayansi kapena kholo limene likufuna kuti mwana aone yekha mwezi umene chombo cha Europa Clipper, chimene chinanyamuka mu Okutobala 2024, chikukaufufuza chikadzafika kwa Jupiter mu 2030. Amene akuyembekezera zithunzi zonga za pa intaneti asataye ndalama zake. Amene waigula kale amangirire chigubu cha madzi pakati pa miyendo itatuyo kuti isamagwedezeke, ndipo ayambe ndi kagalasi kokulitsa ka 28, chifukwa ndi kamene kamaonetsa miyezi inayi yonse bwinobwino nthawi imodzi.